Makabuleta Awiri a Ambokile Kayuni

Keziya NyaMsiska anayamba kuwazindikira a Ambokile Kayuni tsiku limene anawapatsa moni katatu iwo osayankha. Munali mu Ogasiti wa 1975, mphepo ikuulutsa fumbi m'misewu ya pa Karonga. Keziya anali atangosamutsira makina ake osokera pakhonde la sitolo ya a Mwalwanda, patatha chaka amuna ake atamwalira. Tsidya la msewu, pansi pa mtengo wa mango, panali bambo wamfupi wa imvi za m'mbali, atavala ovolosi yodula manja, mutu uli m'kati mwa galimoto yobiriwira.

"Mwawuka uli, adada?" anatero Keziya m'Chitumbuka podutsa ndi ndowa yake. Kunali zii. Anabwereza kawiri, kenako anachita manyazi nkubwerera pamakina ake.

"Asiyeni awo," anatero a Mwalwanda ali kuseri kwa kauntala. "Anakhalitsa ku Kitwe. Moni wa anthu wamba saumva."

Keziya sanatsutse, pakuti kutsutsa sikunali khalidwe lake. Koma telala wa pakhonde amaona zambiri singano ikuyenda yokha. Masana omwewo anaona bamboyo akugwada kuchotsa nkhuku ndi anapiye ake pansi pa galimoto asanailize, kamwanapiye kamodzi kamodzi. Zimenezo sizinkafanana ndi munthu wonyada.

Mbiri ya a Kayuni anaimva kwa akazi awo, a Dora, amene anabwera kudzakulitsa diresi nkukhala pabenchi mpaka dzuwa litapendeka, chifukwa miyendo yawo yotupa inkafuna kupuma isanayambe ulendo wobwerera. A Kayuni anabadwira ku mapiri a Misuku, kumene khofi ndi nthochi zimakula m'nkhungu. Ali mnyamata anatsika wapansi, nadzera ku Tunduma mpaka ku migodi ya ku Kitwe. Zaka zisanu ndi chimodzi anaboola miyala pansi pa nthaka ndi makina aja ogwedeza munthu mpaka m'mano. Kenako mwini galaja wina anawaona akutsitsimutsa pampu yomwe aliyense anali ataitaya, nawatenga. Kumeneko ndiko anasanduka fundi, mmisiri wokonza magalimoto.

Anabwerera mu 1963 ndi akazi awo, mwana wawo Hilda, ndi galimoto ya bokosibode yobiriwira ija, yomwe anagula kwa Mgiriki wophika buledi. Cholinga chinali kukwera ku Misuku sabata yomweyo. Anaima pa Karonga kuti apeze kangachepe ka malata, mwezi umodzi wokha. Mwezi umenewo unatha zaka khumi ndi ziwiri. Galimotoyo inanyamula usipa wa ku Ngara, thonje la ku Lupembe, mpunga, akwati, mabokosi a maliro, ndipo masiku a msonkhano wa chipani inkanyamula amayi ovala nsalu zofanana, popanda wofunsa za petulo. Chifukwa choyenda mwaulemu, mosafulumira, anthu anaitcha Mayi Busa.

"Nyumba kumtunda kuja ilipo," anatero a Dora akusisita bondo. "Abale anaumba njerwa, zipupa zaima. Chaka chatha tinanyamuka ndithu, malata ndi bedi zili kumbuyo. Titafika pachitunda chija chachitali tisanafike pa Kapoka, Mayi Busa anatha mpweya. Giya yoyamba yomwe inakana. Amuna anga anandinyamula ngati thumba nkundikhazika pamwala. Ndinakhala pamenepo mpaka lole inadzatikoka kubwerera kuno."

"Pepani, amama."

"Ine ndinaseka. Koma awo mpaka lero sanasekepo za tsiku limenelo."

A kuchipatala anali atanena kuti kutentha kwa kunyanja kukuwonjezera kutupako, ndipo Okutobala wa pa Karonga aliyense amamudziwa. A Dora sakanatha kukwera pamwamba pa lole, ndipo palibe lole yomwe ikanawafikitsa pakhomo penipeni. A Kayuni anali atalonjeza kuti chaka chino, kusanatenthe ndiponso mvula isanatseke msewu, akawatsitsa pakhonde la nyumba yawo, ali pampando wakutsogolo wa galimoto yawo yomwe.

Nzeru yawo inali iyi. Kwa mphunzitsi wina ku Mwenilondo kunali chigoba cha galimoto yaing'ono ya mzungu wa ku minda ya mpunga, yomwe inagubuduzika kalekale, ndipo tsopano munkagona nkhuku. Injini yake inali ya mtundu umodzi ndi ya Mayi Busa, koma inali ndi makabuleta awiri. A Kayuni anakawamasula, nabwera nawo panjinga atawakulunga m'chiguduli ngati mapasa.

"Kabuleta ndiye amasakaniza petulo ndi mpweya," anafotokozera anthu omwe anadzaima pansi pa mango. Ankalankhula mokweza nthawi zonse. "Injini iyi ili ndi mapapo anayi koma mphuno imodzi. Pachitunda imabanika. Ndikufuna ndiipatse mphuno ziwiri."

Keziya anaiona ntchito yonse ali pakhonde. Chitsulo chomwe makabuletawo amakhalapo chinakana kulowa bwino pa mabawuti, ndipo a Kayuni anachipala ndi tupa masiku atatu, akuyesa, kuchotsa, kupalanso. Magasiketi anadula pa katoni ya nsapato nkuwapaka girizi. Paipi ya petulo yogawikana pawiri anaipanga ndi mkuwa wa m'firiji ya parafini yakufa. Kuti makabuleta onse azitseguka limodzi phazi likaponda, anawalumikiza ndi kachitsulo kopindidwa kuchokera ku sipoko ya njinga yamoto. Sankafulumira. Nati iliyonse ankaiika m'chitini chake, ndipo asanaweruke ankasesa pansi pa mtengo.

Tsiku lina anawoloka msewu chipewa chili m'manja.

"NyaMsiska, mungandigawireko mafuta a makina anuwo? Pamwamba pa kabuleta aliyense pali kamphika. Kamafuna mafuta opepuka. A injini ndi olemera."

"Tengani, adada," anayankha Keziya motsitsa mawu monga mwa nthawi zonse, akuwapatsa kachitini kamlomo wautali.

Anaona kuti maso awo sanali pa kachitiniko. Anali pakamwa pake. Ndipo anali atapotoza mutu pang'ono, khutu lamanja lili kutsogolo.

Sabata yotsatira anabweranso ndi timafelemu tiwiri ta sefa ya udzudzu, kuti awasokere nsalu yotchinga fumbi pakamwa pa makabuleta. Keziya anadula bulangeti lakale la mwana, nasoka timatumba tiwiri tokhala ndi chingwe chokokera. A Kayuni anatembenuza kamodzi, nayang'ana msoko wake m'kati, nagwedeza mutu. "Ndaga," anathokoza mwa kwawo. Amisiri awiri anamvana pamenepo.

Injini inalira Lachisanu lina m'mawa. Inalira mwamphamvu kuposa kale, ndipo anthu a pamsika anaombera m'manja. Koma Keziya anaimitsa phazi pa chopondera cha makina ake. Zaka khumi za kusoka zinali zitamuphunzitsa kumva makina asanadule ulusi. Injini ija inkatsimphina. Inkagunda katatu bwinobwino, kachinayi nkukhala ngati yaponda m'dzenje.

A Kayuni nawo anadziwa, chifukwa galimoto yonse inkanjenjemera. Anatenga kapaipi ka mpira kotalika ngati mkono. Mbali imodzi anaika pakamwa pa kabuleta wakutsogolo, ina kukhutu. Kenako anasamutsira kwa wakumbuyo. Umu ndi mmene mafundi amalinganizira makabuleta awiri: aliyense amayamwa mpweya ndi kamluzu kake, ndipo munthu amapotoza sikulu mpaka timiluzu tiwirito timveke chimodzimodzi. Anamvera, napotoza. Anamveranso, napotozanso. Tsiku linatha. Loweruka linatha. Lolemba utsi unayamba kutuluka wakuda, ndipo atamasula mapulagi, awiri akumbuyo anali bii ngati makala, awiri akutsogolo ali mbuu.

A Hudson Kamphinda, kalaliki wa ku boma wochokera ku Dedza, ankakonda kuima pamenepo popita ku nkhomaliro, njinga itatsamira m'chiuno.

"Fundi, vuto ndaliona ine," anatero m'Chichewa chawo chothamanga. "Injiniyi mwaipatsa mitala. Wamkulu akudya yekha, wamng'ono akugona ndi njala. Nyumba ngati imeneyo mtendere mulibe!"

Anthu anaseka. A Kayuni anayang'ana nkhope zawo kaye, kenako nawonso anaseka, mochedwa. Keziya anaweramitsa mutu pa nsalu yake. Tsopano sanakayikenso.

Anasinkhasinkha masiku awiri. Seputembala anali atalowa, ndipo masana malata a khonde anali atayamba kuotcha. Lachitatu anatenga diresi la a Dora, ngakhale linali lisanathe mpendero, napita nalo kunyumba kwawo kuseri kwa msika. Anawapeza pamkeka, miyendo ili pa mpando wachikumba.

"Amama," anatero atakhala nthawi yaitali akupinda ndi kupindula diresilo, "adada aja, paipi ija, akumvamo kanthu?"

A Dora anamuyang'anitsitsa. "Wadziwa liti?"

"Tsiku la mafuta lija."

"Ngakhale Hilda sadziwa." Anapumira m'mwamba. "Khutu lamanzere linafera mumgodi. Lamanja ndilo latidyetsa zaka zonsezi, koma chaka chino nalonso layamba kutseka. Mawu akuluakulu amamva. Tinthu tating'ono, mluzu, nkhululu, mawu ngati akowa, ayi. Akungopotoza mwamwayi. Ndipo sangafunse fundi mnzawo. Akuti fundi wopanda khutu ndi wongogwira sipanala."

"Ine ndimaimva," anatero Keziya. "Ngakhale ndili pakhonde. Nditamvera pafupi, mwina ndingadziwe kabuleta amene akuyamwa mpweya kwambiri." Anapindanso diresi lija. "Koma anthu adzati chiyani? Mkazi wamasiye ataweramira m'galimoto limodzi ndi mwamuna wa mwini?"

"Adzati mwini wakeyo wakhala pomwepo pampando, maso ali gwa. Mawa m'mawa udzandigwire dzanja."

Ulendo wa mphindi zisanu anauyenda theka la ola. A Kayuni atawaona akazi awo pansi pa mango anathamanga kukatenga mpando.

"Amake Hilda, mwayenderanji padzuwa?"

"Ndabwera kudzaona mkazi mnzanga," anayankha mokweza, akuloza galimoto. "Komanso NyaMsiska uyu akuti chibadwire sanamvepo m'mimba mwa injini. Mpatseni paipi yanuyo amveko, asiye kundivutitsa."

A Kayuni anayang'ana akazi awo, nayang'ana Keziya. Nkhope yawo siinasinthe. Analiza injini, napukuta nsonga ya paipi pa ovolosi yawo, nampatsa. Iwo anagwira mbali inayo nkuiika pakamwa pa kabuleta wakutsogolo.

Keziya anamanga bwino chitenje, naweramira. Kutentha kwa injini kunamuwomba kumaso, pamodzi ndi fungo la petulo. Atatseka khutu linalo ndi chala, phokoso lonse linapita kutali, ndipo m'paipimo munatsala kamluzu kowonda, siii, ngati mpweya wotuluka m'tayala la njinga. A Kayuni anasamutsira paipi kumbuyo. Uko kunali mluzu wonenepa, waukali, ngati mphepo yolowa pansi pa chitseko.

Anadzuka, natsegula pakamwa, koma anazindikira kuti mawu ake sakafika. Komanso kukuwa pamaso pa anthu kuti fundi walakwitsa sakanatha. Ndiye anachita zimene mtsogoleri wa kwaya ya kwawo ankachita pofuna kuti mawu ena atsike: anatambasula manja onse awiri, zikhato zikuyang'ana pansi, loimira kabuleta wakumbuyo m'mwamba, loimira wakutsogolo pansi.

A Kayuni anayang'ana manja amenewo nthawi yaitali. Kenako anatola sikuludiraiva. Anamasula kachitsulo kolumikiza kaja kuti kabuleta aliyense aime payekha, nabweza sikulu ya wakumbuyo pang'ono. Anaikanso paipi. Keziya anamvera uku, namvera uko, natsitsa dzanja lakumbuyo pang'ono. Anapotozanso. Ulendo wachitatu anapitirira, ndipo Keziya anatembenuza manja, lakutsogolo likukwera. A Kayuni anaseka chamumphuno, nabweza pang'ono chabe ngati kachikhadabo. A Dora ankadzikupiza ndi katoni, akuyang'ana aliyense wodutsa mpaka wodutsayo apereke moni.

Ulendo wachisanu ndi chimodzi Keziya anasamutsitsa paipi kawiri, katatu, osapeza kusiyana. Anadzuka, nalinganiza zikhato zake pamodzi.

Sipanala yomwe inkavina pa madigadi inali itakhala chete. A Kayuni anaika chikhato pa chitsulo, natsinzina. Injini inkagunda mofanana, mofatsa, ngati mtima wa munthu amene wagona bwino. Anamanga kachitsulo kolumikiza kaja. Zotsalazo sanafune khutu la munthu: kuchuluka kwa petulo anakulinganiza ndi mphuno yawo kumbuyo kotulukira utsi, ndiponso poona mtundu wa mapulagi, mpaka onse anayi anatuluka ofiirira ngati kunja kwa buledi.

A Kamphinda anafika pa nthawi yawo. "Aaa! Kodi a telala asanduka dokotala? Mwaipeza ndi chiyani, mayi, malungo?"

Keziya anabisa nkhope, koma a Dora anayankha. "Mitala ija yagwirizana, a Dedza. Pitani mukadinde mapepala anu."

Loweruka a Kayuni anapakira matumba a mchenga olemera ngati malata ndi katundu wa m'nyumba, nawonjezera amuna atatu a pamsika, nalowera msewu wa ku Chitipa. Anabwera chakumasana matayala ali psuu ndi dothi la kumtunda. Amuna atatu aja ankaimba kumbuyo. A Kayuni anatsika, napita kwa akazi awo pabenchi la pakhonde, nawaonetsa zala ziwiri.

"Giya yachiwiri, amake Hilda. Chitunda chonse chija. Sinatsokomole ngakhale kamodzi."

Anakhala pansi pa sitepe, namwa madzi amene Keziya anawapatsa. Kenako nkhope yawo inagwa pang'ono. Analankhula ndi akazi awo, koma poti mawu awo sankadziwa kunong'ona, Keziya anamva.

"Kumtunda mpweya ndi wozizira, ndi wopepuka. Tikakhazikika adzafunika kuwalinganizanso. Ndipo fumbi la m'njira limasuntha zinthu."

Keziya anamaliza msoko umene anali nawo, nadula ulusi, nawoloka msewu. Anabwera ndi kapaipi kaja nkukaika pamiyendo pa a Dora.

"Ine?" anatero a Dora. "Zaka makumi atatu sindinaloledwe ngakhale kugwira boneti."

"Miyendo ndiyo ikudwala, amama. Makutu anu amamva ndalama ikagwa kumsika muli kunyumba."

M'mawa katatu motsatizana, a Kayuni ankaimika galimoto pafupi ndi khonde, nasokoneza dala sikulu imodzi akazi awo atatembenuka. A Dora ankatsamira pa madigadi, paipi ili kukhutu, Keziya atawagwira m'chiuno. Tsiku loyamba anangoseka mpaka misozi.

"Ndiye zaka zonsezi mumamvera zimenezi? Ngati ana awiri akuyamwa! Uyu wakumbuyoyu ndi wadyera."

"Manja, amake Hilda, manja," anatero a Kayuni. "Pakamwa mundiuze kunyumba."

Tsiku lachitatu a Dora analinganiza okha, Keziya nkungomvera pomaliza ndi kuvomereza. Kuyambira pamenepo kapaipi kaja sikanagonenso m'bokosi la zitsulo. Kanalowa m'chikwama cha a Dora, pamodzi ndi buku la nyimbo ndi khadi la chipani.

Ananyamuka sabata yomaliza ya Seputembala, m'mawa kusanatenthe. Keziya sanadzawaonenso. Kalata ya a Dora inafika mvula itayamba, yonena kuti anatsikira pakhonde penipeni, kuti kutupa kwachepa, ndiponso kuti anthu a ku Misuku akudabwa kuona mayi wachikulire akulamula fundi ndi manja. A Kayuni anakhala zaka zina zisanu ndi zinayi akukonza zigayo ndi makina opuntha khofi a kumapiriko.

Koma m'mawa wonyamukawo Keziya anabwera ndi diresi lija litatha, ndi kabotolo ka mafuta a makina kotseka ndi chitsononkho. Malata anali atamangidwa, bedi lili chagada pamwamba pake, nkhuku zili m'dengu. A Dora anali atakhala kale kutsogolo, pilo ali pansi pa mapazi. A Mwalwanda anatuluka m'sitolo, a Kamphinda anaimitsa njinga, ndipo anthu a pamsika anazungulira. Injini inkagunda modekha.

A Kayuni anali akumangitsa chingwe chomaliza. Keziya anaima pambali pawo, nanena mawu amene anawakonza kuyambira dzulo lake, owathokoza ndi kuwafunira ulendo wabwino. Iwo anapitiriza kukoka chingwe. Atatembenuka anamupeza ataima chamanzere kwawo, milomo ikumaliza kuyenda, anthu onse akuyang'ana.

Anavula chipewa. Anayang'ana a Mwalwanda, nayang'ana a Kamphinda ndi ena onse, ndipo analankhula ndi mawu awo aja osadziwa kunong'ona, akugogoda khutu lamanzere ndi chala.

"NyaMsiska, mwana wanga, ili linatsala ku Kitwe, ndipo linali likulitsatira. Zungulirani mbali iyi, munene mokweza. Ndikufuna ndimve zonse."